Gemu ya a Dalaivala ndi Ana a pa Mdadada

KOMITI YA MAKOLO A PA MDADADA WATHU

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: Chipinda chochezera, pafupi ndi masitepe
Nthawi yoyamba: 2:10 masana

Opezeka: Wapampando (mphunzitsi wopuma ntchito), a Namwino, Mayi a Mapasa, a Dalaivala, omwe ndi mlamu wa Mlembi, Mlembi (telala).
Osapezeka: a Makaniko, anapepesa.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo anayamikira a Dalaivala chifukwa chonyamula mipando. Mlembi ndiye anasesa chipinda chonse m'mawa, koma izi sizinatchulidwe.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa popanda chosintha.

3. Gemu ya a Dalaivala

3.1 Mlembi, yemwe anabweretsa nkhaniyi, anati gemu ya pakanema yomwe a Dalaivala ali nayo kunyumba kwawo si ya ana. Pabokosi pake palembedwa 18. Wosewera amayenda mumzinda wonse mmene wafunira, kulanda magalimoto, kuwombera anthu ndi kuthawa apolisi, ndipo anthu a mmenemo amatukwana mopanda manyazi. Anawonjezera kuti mwana wake wamkazi wa zaka 13, yemwe kale ankakhala naye kushopu Loweruka lililonse akusokerera mabatani, tsopano akangodzuka nyimbo yake ndi ya "kwa malume". Anapempha kuti gemuyi iletsedwe kwa ana onse a pa mdadada.

3.2 A Namwino anafunsa ngati vuto ndi gemu kapena mabatani. Funsoli silinayankhidwe chifukwa silinali laulemu.

3.3 A Dalaivala anati salola ana kugwira mfuti mu gemuyo. Amazimitsa mawu n'kumangowaphunzitsa kuyendetsa galimoto, kuima pa maloboti ndi kupatsa mpata oyenda pansi. Anati katswiri pa onse ndi "mwana wanga uja". Mlembi anapempha kuti mawu oti "mwana wanga" akonzedwe, popeza bambo ake a mwanayo alipo ndipo ali moyo. Wapampando anati malume akhoza kutero. Mlembi walemba mmene ananenera, koma sakugwirizana nazo.

3.4 Mayi a Mapasa anati sakudana ndi a Dalaivala, koma Lachitatu anapeza mapasa awo a zaka 9 ataloza mphaka ndi tsache akumulamula kuti atsike m'galimoto. Anati munthu wamkulu akangotuluka kupita kuchimbudzi, ana amadziwa batani loti adine.

3.5 Wapampando anakumbutsa mamembala lamulo la komiti loti sitiletsa chinthu chomwe sitinachione ndi maso athu. Anagamula kuti membala aliyense asewere mphindi zisanu. A Dalaivala anatulutsa makina a gemuyo m'chikwama pomwepo, mawaya atakulungidwa kale bwinobwino. Anabwera atakonzeka, ndipo Mlembi sakudziwa kuti anawatsina khutu ndani.

3.6 A Dalaivala anayendetsa mphindi zisanu osagunda kanthu, n'kuimika galimoto pakati pa mizere. Mamembala anaomba m'manja ngati awafikitsadi kwawo. Pajatu imeneyi ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Akanapatsidwa singano sitikudziwa kuti zikanatha bwanji. A Namwino anagunda pholo la magetsi kawiri. Mayi a Mapasa anakanika kutuluka pamalo oimika magalimoto. Wapampando anathyola mpanda wa nyumba ina, ndipo anachita kukumbutsidwa katatu kuti nthawi yawo yatha.

3.7 Mlembi sanaonetsedwe bwino batani la buleki. Galimoto inakwera m'mbali mwa msewu n'kugunda anthu asanu ndi mmodzi omwe amadikira basi. Apolisi atayamba kumuthamangitsa, Mlembi anadina mabatani onse, mfuti inatuluka yokha, ndipo galimoto inakathera mumtsinje. Mamembala anaseka mpaka misozi. Mlembi anati uwu ndiwo umboni woti gemuyi ndi yoopsa. A Namwino anayankha kuti, "A Telala, gemuyi sinaphe munthu mpaka inu mutaigwira."

3.8 Komiti inagwirizana izi:
(a) Gemuyi si ya ana, ndipo mwana wosakwana zaka 12 asaiyandikire n'komwe.
(b) Wa zaka 12 mpaka 17 akhoza kuyendetsa galimoto kokha, mawu atazimitsidwa, popanda mfuti.
(c) Pambali pake pakhale wamkulu yemwe waonetsa komiti kuti akhoza kuyendetsa mphindi zisanu osagunda kanthu, ndipo akafuna kutuluka azizimitsa kaye makinawo.

Wapampando anati pakadali pano wokhoza ndi mmodzi yekha, a Dalaivala. Ovomereza anali anayi, wokana mmodzi.

3.9 Mlembi anafunsa ngati izi zikutanthauza kuti iye sangakhale pambali pa mwana wake yemwe. Wapampando anati, "Mukhoza kukhala kumbuyo n'kumaonerera, bola musagwire." Mlembi anabwera kudzatseka gemu, koma watuluka atapereka mwana wake kwa mlamu wake ndi chilolezo cha komiti, cholembedwa ndi dzanja lake lomwe. Akulemba poyera kuti zamuwawa, ndipo ofuna kunena kuti ndi nsanje anene, sakukana.

4. Zina ndi zina

Mayi a Mapasa anati babu la pa masitepe lapsa. A Dalaivala anadzipereka kulisintha, Mlembi asanatsegule n'komwe pakamwa. Anayamikiridwanso.

Mlembi anapempha kuti adzayesedwenso. Wapampando anati ndondomeko ya mwezi wamawa yadzaza kale ndi nkhani ya zinyalala, koma aona.

5. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 12 Julayi, 2:00 masana, malo omwewa.

6. Kutseka

Wapampando anapatsa Mlembi udindo wouza ana zomwe komiti yagamula, ndipo anatseka msonkhano nthawi ya 4:05 madzulo. Mlembi atatsegula chitseko anapeza mwana wake atakhala pa masitepe akudikira. Mlembi anali ndi bukuli m'manja, lotsegula pa tsamba lenileni la chigamulo. Mwanayo anadutsa pansi pa mkono wake n'kukafunsa kuti, "Malume, zatha bwanji?"

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________