Beseni lobiriwira musatsukiremo mbale

Achemwali,

Musatifune, ndikuperekeza alamu kuchipatala. Mtima m'malo, sakufa ayi, hahaha! Ndi matenda a mudzi, zotupa za kumalo okhalira zija. N'chifukwa chake masiku onsewa amangodula nsalu choimirira, makina osokera osawakhudza. Zoti mpando ukugwedera zija linali bodza!

Ndawapeza akutuluka kubafa akuyenda ngati bakha, beseni lanu lobiriwira lili m'manja. Kani amakhalamo ndi madzi ofunda inu mukangochoka! Ine kuseka mpaka misozi. Iwo nkhope pansi, akuti, "Mlamu, lero ndaona magazi. Usawauze akulu ako, andiseka ngati iweyo."

Eee, manyazi ake! Phwete lonse balala. Ndangoti valani nsapato, adokotala akaone okha.

Ndiye mugule zipatso ndi masamba ambiri, komanso muziwakakamiza kumwa madzi, paja kuchimbudzi amachita kukhalitsa. Mbale ndasiya zosatsuka, pepani, chifukwa chake mwachidziwa.

Chonde tikabwera musaseke, ndaseka kale zokwanira tonse awiri. Mungowayikira pilo pampando paja, muwauze kuti mwaukonza.

Ine mng'ono wanu wopanda khalidwe uja