Manda a a Ismail Ansalu

Okondedwa Malume,

Mwadzuka bwanji ku Limbeko? Mwendo uja wapola? Kuno tili bwino, koma kukuzizira.

Loweruka ndinalowa musitolo ina ku Croydon ndikulankhula pafoni. Eni sitoloyo, amwenye okalamba, anandifunsa m'Chichewa kuti, "Mwanangu, kwanu n'kuti?"

Nditatchula Limbe, anakhala pansi. Akuti bambo awo, a Ismail, anachokera ku India nthawi ya atsamunda n'kutsegula sitolo ya nsalu pafupi ndi siteshoni. Iwo anakulira pakhonde pomwepo, akumadya nzimbe ndi ana a telala.

"Bambo anagona komweko," anatero. "Ine adokotala anandiletsa kukwera ndege."

Chonde Malume, mukafunse kwa mlonda wa kumanda a amwenye. Mukapapeza, mukalambulepo n'kunditumizira chithunzi. Ndinawalonjeza kuti ndikawaonetsa maso awo akadaona.

Mulungu akusungeni.

Mwana wanu,
Chisomo