Denga limene ndinasankha ndi pakamwa panga

Jahra, Kuwait
22 Juni

Wokondedwa mng'ono wanga Lekhnath,

Landira moni, iwe pamodzi ndi onse pakhomopo. Muli bwanji? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kutsikira kumunda? Ndamva kuti mvula yayamba kwathu ku Syangja, ndiye ndikhulupirira mwayamba kuwokera mpunga. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi. Khala pansi uwerenge modekha. Nkhani iyi ndayesa kuinena pafoni kawiri konse, koma ndalephera.

Ukudziwa kuti pa 9 Julayi bambo akwanitsa chaka chimwalirireni, ndipo wansembe anati ine, mwana woyamba, ndiye ndikamete kumtsinje, ndipereke nsembe ya mpunga, kenako ndivule zovala zoyera zamalirozi. Chaka chonse ndavala zoyera ngakhale mkati mwa ovolosi, nyama sindinailawe. Tchuthi ndinapempha mu Febuluwale, kuofesi anavomera. Koma tamvera zimene ndadzichita.

Tikumanga chinyumba cha masitolo cha mkulu wina dzina lake Abu Mishari. Denga lake ndi lakonkire, lafulati, kukula ngati bwalo la mpira. Mu Epulo mwiniwakeyo anakwera padengapo ndi injiniya wathu, a Medhat a ku Iguputo, kuti asankhe chofolera. A Medhat ankafuna mipukutu ya phula, yakuda ija timamata poiwotcha ndi gasi. Ati ndi yachangu, ndipo munthu aliyense wamanja awiri amaitha. Ine ndinali poteropo ndikusesa, nkhani sinali yanga. Mwadzidzidzi mkulu uja ananditembenukira n'kundifunsa kuti iwe wazoyera, wakhala zaka zingati pamadenga? Ndinati khumi ndi zinayi. Ndiye anati chinyumbachi chikanakhala chako, ukanaikapo chiyani?

Lekhnath, zaka zonsezi palibe bwana anandifunsapo maganizo. Mutu unakula, lilime linamasuka. Ndinawauza kuti kuno denga silifa ndi mvula, limafa ndi dzuwa. Phula lakuda limamwa moto tsiku lonse, pakapita zaka zochepa lang'ambika molumikiza monse, ndipo makina oziziritsa m'masitolo amalira osapuma. Ndinati chinsalu choyera chapulasitiki n'chabwino, koma okonza makinawo akakwera amagwetsa misomali n'kuiponda, chinsalu chabooka. Ndinamaliza ndi thovu lopopera, lija limafufuma n'kuuma gwa. Lilibe polumikiza, limatchinga kutentha, ukalipaka utoto woyera pamwamba pake munthu wa pansi amapuma.

Zonsezo n'zoona, ngakhale lero ndikhoza kuzibwereza. Abu Mishari anawomba m'manja, ati thovu lomwelo, nkhani yatha. Potsika makwerero a Medhat anandinong'oneza kuti zikomo aprofesa, koma mudziwe kuti pakampani pano wodziwa kugwira mfuti yopopera ndinu nokha. Ine ndinaseka, chitsiru ine.

Migolo ya mankhwala a thovulo inachedwa padoko, inafika Juni atayamba, pamodzi ndi mphepo yakumpoto. Thovu silifuna mphepo, silifuna fumbi. Fumbi likagona pakonkire, thovu silimata. Ndiye m'mawa uliwonse timakwera, timasesa, ndimaimika kansalu pandodo, kansalu n'kumangoti petupetu. Timakhala pansi kudikira. Ikakwana 11 koloko lamulo limatitsitsa chifukwa cha dzuwa, mpaka 4 koloko, pamene mphepo imakhala itachita kulusa. Kumwamba kumafiira, mchenga m'mano, mchenga mumphodza. Pamasiku makumi awiri ndapopera masiku asanu okha.

Lachiwiri lapitali mtima unandipsa, ndinapopera kamphepo kalipo. Aa! Thovu linauluka n'kukagwera pamagalimoto asanu ndi awiri a ogulitsa matayala kuseri kwa mpanda. Tinatha masiku awiri tikupala magalasi ndi malezala, eni ake atatiimirira pamutu, kutitukwana m'zilankhulo zitatu.

Ndinayesanso kuphunzitsa mnzanga Mofizul, bambo wa ku Bangladesh amene timagona chipinda chimodzi. Munthu wamtima wabwino, anati ndipatse mfutiyo m'bale wanga, iwe upite ukalire bambo ako, kupopera n'chiyani, si kuthirira ndiwo zamasamba komweko? Atapopera, denga linatuluka mabampu okhaokha ngati msana wa ng'ona. Tinachita kudula ndi mipeni. Iye mwini anaseka mpaka misozi, ati aprofesa, dzanja langa ndi la fosholo basi. Ine kuseka kunandikanika.

Ndipo usaganize kuti ndikamaliza kupopera ndiye kuti ndamasuka. Pali utoto, kenako timatseka mipope yonse yotsitsa madzi, magalimoto amabweretsa madzi, timadzaza denga mpaka m'kakolo ngati munda wa mpunga. Madziwo agone masiku awiri, injiniya azizungulira pansi kufuna dontho. Pakapanda kudontha m'pamene amasaina, ndipo akasaina m'pamene pasipoti yanga idzatuluke m'kabati ya kuofesi. Ndawerenga masiku ndi zala mpaka zala kutopa. Ngakhale mphepo italeka mawa, sizikukwana.

Dzulo ndinavula manyazi, ndinapita kwa Abu Mishari. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi ndi zipatso za kanjedza. Nditafotokoza za bambo anagwira pamtima, ati Mulungu awachitire chifundo, iyenso bambo ake anamwalira ali kutali. Ndinaona ngati zatheka. Kenako anati koma mwana wanga, denga ili ndinasankha chifukwa cha iwe, anthu a masitolo alowa pa 1 Ogasiti, ukachoka alimaliza ndani? Ati Mulungu akalola mphepo ileka. Ndinapempha kuti abwereke wopopera kukampani ina, ati safuna dzanja lachilendo, akhulupirira langa. Munthu akamakutukwana umadziwa pomuyankha. Nanga wokuyamikira umamutani? Ndinamwa tiyi uja n'kutuluka.

A Medhat sanandinyoze ayi. Anangoti phula likanakhala litatha kale, ine ndili m'ndege.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo likundiwawa kulilemba. Pa 9 ukhale iwe m'malo mwanga. Ndikudziwa umakonda tsitsi lakolo ngati mkwati, koma ukamete, ukakhale pamene ndikanakhala ine, upereke nsembeyo ndi dzanja lako. Wansembe akamatchula ana a bambo, dzina langa lisasiyidwe. Umufunsenso ngati ndingavule zoyerazi kuno ndekha, kapena ndidikire mpaka ndidzaponde pakhomo. Akati ndidikire, ndidikira.

Undiperekere moni kwa alamu ako a Sabitra, uwauze kuti kalata yawo ikubwera payokha. Moni kwa ana anga, kwa mkazi wako, kwa atsibweni a ku Waling ndi azakhali onse amene adzabwere kumwamboko. Uwalandire bwino, asadzaone kusiyana.

Amayi uwawerengere wekha kalatayi, usadumphe mzere. Ndikudziwa udzafuna kunditchinjiriza, udzati abwana ankhanza amukaniza. Usatero. Pa tsikulo akamadzayang'ana kumsewu, adziwe zoona zake: palibe anandimanga, anangondifunsa funso padenga, ine n'kuyankha.

Ndine mkulu wako,
Khagendra