Mpongozi Wandigwira Phazi

Wokondedwa mwana wanga Lingisoni,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko, ngakhale miyezi yatha osamva mawu ako. Kuno ku Mavwere tilipo, koma ine ndikuyendera ndodo.

Mwezi wathawu ndinadzitema ndi khasu paphazi ndikukumba mtedza. Ndinachita monga tinkachitira ku esiteti kuja: ndinatafuna tsamba la fodya, kumata pabalapo, n'kumanga kansanza. Tsiku lachitatu phazi linatupa n'kumatentha, koma ndinkati kabala kotere sikopitira kuchipatala.

Anaona kutsimphina kwanga ndi mkazi wako, Nabanda. Chibwerere kuchitengwa kuno, iye ndi ine timayankhulana motalikirana monga mwa mwambo. Tsikulo anagwada pamapazi anga n'kumasula kansanzako ndi manja ake.

Ndinati, "Amayi, mpongozi sagwira phazi la apongozi ake."

Iye anati, "Bambo, mudzandikalipire tikabwerako. Bala likafiira m'mbali chonchi, lapitirira zapakhomo. Wakabaza akudikira panjapo."

Kuchipatala anatsuka balalo, anandibaya jakisoni wa kafumbata n'kundipatsa mankhwala akumwa. Anamwino anati ndikanadikira sabata ina, phazi ndikanalisiya komweko.

Nabanda ameneyu ndi mkazi uja ndinkakukaniza kukwatira. Ndinalakwa. Iwe wamagazi anga suimba foni n'komwe, koma mwana wa eni wandisungira mwendo.

Pempho langa n'limodzi. Umuimbire foni, umuthokoze m'malo mwanga, poti ine ndikamuona pakamwa pamalemera. Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine bambo wako.