Dzira la m'sokosi

Lamulungu, 4 Meyi

A Ndime abwera masana ano atanyamula pangano la boti m'kathumba kawo ka pulasitiki kaja. Nditangoliona, mtima unati phaa. Munthu ameneyu anapuma kalekale pa ukalaliki wa kukhoti, koma khoti silinapume mwa iye. Tiyi asanamulawe n'komwe, ali kale pa ndime 9.

Ndime 9 ikuti nyumba imene yatha chaka chathunthu osatulutsa boti, eni atatu enawo agule gawo lake. Chaka chathu chikwana pa 20 mwezi uno. Bambo, amuna anga, chiwagwetsereni sitiroko sanapondeko kudoko.

Chondiwawa n'chakuti ndimeyo anailemba ndi Bambo omwewa, patebulo lomwe lino, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, pamene anayiwo ankasonkherana kugula botilo: iwo, mng'ono wawo (alamu anga), a Ndime, ndi dokotala wa mano amene tonse timangoti a Mano. Ndikuwakumbukira akumenya tebulo, akuti boti si kabati yoti izingokhala. Msampha anatchera okha, lero wakola mwendo wawo womwe.

Bambo amvetsera mpaka kumapeto. Kenaka mokoka mawu muja: "Ndinalemba. Gulani." Atero, ndi kutembenukira kukhoma.

Lachiwiri, 6 Meyi

Kushopu ndasokerera thumba la buluku chadodolido. Zaka makumi atatu ndili pa makina, sizinandichitikirepo.

Alamu aimba foni. Akuti agwirizana ndi a Mano kuti ndimeyo angoifufuta, nkhani ithe. Ndinasangalala mpaka ndafika kunyumba. Bambo akana kwamtuwagalu. "Chisoni ayi." Mawu awiri basi, koma ndawamva. Safuna kuti anzawo awachitire ngati mwana.

Koma ndikuwadziwa ine. Ntchito inapita, galimoto tinagulitsa, dzanja lamanja lili lende. Chatsala n'chiyani chotchedwa chawo? Botilo likachoka, pabedi paja sadzadzukaponso. Ndikuopa, ndipo ndilibe womuuza kupatula buku lino.

Lachitatu, 7 Meyi

A Ndime anditsatira kushopu. Ndinali nditakonzeka kuwalalatira, sizasi ili m'manja. Iwo phee, atsegula kathumba kaja.

"Mayi, Lamulungu simunandilole kumaliza. Pali ndime 10."

Ndime 10 ikuti munthu wa m'nyumba ya mwini gawo angathe kuyendetsa m'malo mwake, bola akhoze mayeso a dzira eni onse anayi akuona. Mayeso ake ndi omwe anayiwo anayesana pachiyambi. Amaika dzira laliwisi m'sokosi ndi kulilendewetsa m'mbali mwa boti. Umachoka padoko, kuzungulira chigubu chofiira choyandama chija, ndi kubwerera kudzakocheza pamlatho wa matabwa. Dzira likasweka, walephera.

Ndawafunsa kuti munthu wake ndani, poti ana onse ali kutali. Angondiyang'ana.

Ine?! Zaka zonsezi m'boti muja ntchito yanga inali kuwiritsa tiyi ndi kugwira benchi zolimba, maso ali otsinzina.

"Makina awa mumawayendetsa ndi phazi mukucheza ndi anthu," atero a Ndime. "Boti lilibe ndi singano yomwe."

Ndavomera chifukwa cha mkwiyo basi. Mayeso Loweruka pa 17.

Lachisanu, 9 Meyi

Boti lilibe mabuleki! Palibe anandiuzapo. Ndafunsa alamu kuti ndiponde pati, iwo aseka mpaka kukhala pansi. Akuti umachotsa giya ukadali patali, lizingoseseleka lokha, kenaka kabwerera m'mbuyo pang'ono kuti liime. Zosavuta pakamwa.

Botilo eni ake amasinthana mlungu ndi mlungu: uno ndi wa a Mano, wamawa ndi wa alamu. Onse andipatsa m'mawa uliwonse, ola ndi theka. A Ndime alemba zimenezi m'buku la m'boti, poti akuti mphatso yosalembedwa imabala mkangano. Ndinafuna kuwaseka, koma ndaona kuti nawonso adzuka m'mamawa kudzaima pamlatho ndi ambulera yawo, popanda wowakakamiza.

Mazira atatu, onse phwa. Pa dzira lachitatulo ndinagunda mlatho mwamphamvu moti ambulera ya a Ndime inagwera m'madzi. Sanadandaule. Angoti, "Tibwereze."

Lolemba, 12 Meyi

Mazira asanu, onse phwa. Sokosi ndachapa kawiri. Msana wanga, mayo!

Lachiwiri, 13 Meyi

Lero wondiphunzitsa anali a Mano. Amalankhula ngati ndili pampando wawo wozulira dzino: pang'onopang'ono mayi, sizipweteka, pumani. Vuto langa aliona. Akuti ndikaona mlatho ukuyandikira ndimauma, dzanja limakanirira pa giya, ndiye ndimachedwa.

Madzulo ndawauza Bambo zonse. Masiku onsewa ndimabisa, ndimati ndikulawirira kushopu. Anditenga ndi diso lija la kale, ndi kunena kuti, "Mulimiza."

Magazi anandikwera. Ndati, "Ndiye bwerani mudzandiletse! Mwagona apa ngati thumba la simenti, anzanu akupsa ndi dzuwa chifukwa cha inu."

Ndalapa pambuyo pake, koma pang'ono chabe.

Lachinayi, 15 Meyi

Limodzi lapulumuka! Mwa asanu ndi awiri, koma lapulumuka. Ndinalipsompsona.

Ndimaganiza kuti mazirawa akugula alamu. Lero ndamva kuti ndi a nkhuku za akazi a a Ndime, ndipo mayiwo amawasankhira okha m'mawa uliwonse, akuti apite nawo okhawo a chikamba cholimba. Mnzanga wa pa makina achiwiri watenga madiresi anga onse a ukwati wa Loweruka, akuti ndisaoneke kushopu mpaka nditakhoza. Anthu awa ndidzawabwezera chiyani ine? Ndalira m'basi ngati wopusa, mayi wina mpaka kundifunsa ngati kwagwa zovuta.

Lachisanu, 16 Meyi

Atatu mwa asanu ndi limodzi. Ndi theka, ndipo mawa mwayi ndi umodzi wokha.

Bambo akuti sapita. Ndaimbira a Ndime, abwera ndi kathumba kawo. Sanawanyengerere ngakhale pang'ono. Aima pakhomo la kuchipinda ndi kuwerenga ndime 10: eni onse anayi. "Achimwene, mukapanda kubwera mayeso kulibe, ndipo amene mwawalepheretsa mayiwa ndinu. Ndidzalemba choncho m'buku." Atero, ndi kutsazika.

Malaya awo abuluu ndasita ndithu, ndawapachika pampando.

Loweruka, 17 Meyi

Ndilembe ndisanaiwale.

Bambo anapita. Sananene kuti avomera, anangoloza malaya. Kudoko alamu ndi a Mano anawanyamula ngati mkwatibwi ndi kuwakhazika pabenchi kumbuyo kwa chiwongolero, jekete yoyandamitsa atawamanga mpaka m'khosi, ndodo yawo yoyendera ili pakati pa miyendo. Nkhope ili gwaa. Sanayang'ane munthu, koma ndinaona dzanja lawo lamanzere likusisita thabwa la benchi.

A Ndime anaika dzira m'sokosi, nalionetsa kwa onse ngati umboni wa kukhoti. Atatuwo anatsala pamlatho. M'boti ife awiri.

Kuchoka ndinachoka bwino. Chigubu ndinachizungulira motakasuka, mwina mopitirira, ngati ndikulambalala galu wolusa. Pobwerera ndi pamene mphepo inayamba kundikankha chakumbuyo, chinthu chimene sichinachitikepo masiku onse ophunzira. Mlatho ukubwera, ukubwera, ine ndauma. Ndikudziwa kuti ndichotse giya, dzanja lakana. M'mutu mwangoti ndawataya, ndawataya.

Kenaka go! pa kakolo. Ndodo. Dzanja linachotsa giya lokha. Tikuseseleka. Ndinafuna kubweza m'mbuyo pomwepo, ndodo inandikanikiza phazi kuti dikira. Ndinadikira mpaka ndinaona misomali ya pamlatho. Go, go! Ndabweza pang'ono. Boti linaima ngati likupempha malo.

A Ndime anatulutsa dzira, kuliyang'ana padzuwa, kulitembenuza. Lamphumphu. Alamu anakuwa mpaka anthu a m'maboti ena anasuzumira.

Ine pakamwa panga sipasunga kanthu. Ndinati, "A Ndime, sindinakhoze ndekha. Amandigogoda ndi ndodo."

Alamu ananditong'olera maso ngati andimeze. A Mano anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Ndinaona," anatero a Ndime. "Maso angawa ndi akale koma sanafe. Ndimadikira ngati munene."

Anakhala pansi pamlatho pomwepo, buku pabondo, nalemba nthawi yaitali. Kenaka anawerenga. Akuti mayeso aonetsa kuti mayiwa paokha sanafikepo, ndipo bambowa paokha sangathe, koma awiriwa pamodzi akocheza boti kuposa mmene ena mwa eni ake amachitira (apa anayang'ana alamu). Choncho nyumba yathu isunge gawo lake, pa lamulo limodzi: ine ndisatulutse boti popanda Bambo kukhala pabenchi paja, ndiponso mlungu wathu uliwonse lituluke kosachepera kawiri. Akakana kudzuka, ndime 9 iyambe kuwerenga masiku.

"Ichi si chisoni, achimwene," anatero. "Ndi ntchito. Mukaiona yolemera, nenani pano."

Bambo anatambasula dzanja lamanzere kufuna cholembera. Kusaina kunawatengera nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi kapu yonse. Zilembo ngati papalasa nkhuku. Palibe anawagwira dzanja, ndipo pa chimenechi ndikuwathokoza atatu aja kuposa pa china chilichonse.

A Ndime ndinawatukwana mumtima milungu iwiri yathunthu. Mulungu andikhululukire, ndipo ambulera ndiwagulira.

Lamulungu, 18 Meyi

Alamu abweretsa kiyi monga mwa pangano: boti lotsukidwa, mafuta odzaza, kiyi dzanja ndi dzanja. Anaima pakati pa balaza osadziwa kuti apatse ndani. Bambo analoza ine ndi chibwano, kenaka ndi kuwauza alamu kuti chingwe cha kutsogolo anachimanga molakwika dzulo. Akangana mpaka tiyi kuzizira. Sindinamvepo phokoso lokoma chonchi m'nyumba muno chaka chino.

Lolemba, 19 Meyi

Ndikulemba chiimirire, madzi osamba sanatenthe n'komwe. Ndadzidzimuka pabedi palibe munthu. Ndawapeza pampando wa pakhomo, nsapato kuphazi, chipewa kumutu, malaya avala okha. Akuti, "Mwachedwa, mayi."

Batani limodzi alidumphitsa, kolala yapendekeka. Sindiwakonza.