Ntchito imene foni inandibisira

Lachinayi madzulo. Tsiku la lero landilemera. Zolembazi n'zokhotakhota, pepani, sukulu ndinalekera giredi folo.

Amayi Nyirenda, amene amatiyang'anira pa ntchito yoteteza minda ku njovu, amatilembera zochita m'foni. Anandiphunzitsa kusefa: ukadina dzina la ntchito kapena la malo, zina zonse zimabisika. Lolemba, popita kumsika wa Lundazi, ndinadina "ku boma" kuti ndione zogula zokha. Nditabwerako, sefa ija sindinaichotse. Masiku atatu foni imangoti palibe chochita, ine n'kumasoka fodya wanga m'chigafa.

Lero Amayi Nyirenda anandiimbira. "Muli uli, Ba Zimba? Tsabola munapaka pa mpanda wa ku Chikomeni?"

"Eya, amama, ndinapaka." Bodza linatuluka lokha.

Nditachotsa sefa, ntchitoyo inatulukira yofiira: kupaka tsabola ndi oyilo pa zingwe za mpanda wa kumunda kwa Ba NyaPhiri ku Chikomeni lisanathe Lachiwiri, poti njovu zimathawa fungo lake. Ba NyaPhiri ndi mayi wamasiye, ndipo munda wawo ndiwo woyamba ukamachokera ku nkhalango ya nyama ya Lukusuzi. Chimanga chawo chayamba kukhwima.

Ndinapalasa njinga kukaona. Zingwe zauma, sizikununkha kanthu. Kudambo ndinapeza ndowe za njovu zikadali zofunda.

Tsabola sindinasinje n'komwe. Munda ukufunika alonda lero lomwe, ndipo wowatumiza ndi Amayi Nyirenda okha. Kuti awatumize, ndiyenera kuulula kuti ndinanama. Foni ili apa pamphasa. Dzuwa lalowa, ndipo sindinawaimbire.