Foni ya Alinafe ndi Mpando wa a Kalumbu

MSONKHANO WA KOMITI YA MAKOLO NDI APHUNZITSI
SUKULU YA SEKONDALE YOYENDERA YA KAPHIRIDZINJA, KUFUPI NDI NACHISAKA, DOWA

Tsiku: Lachitatu, 12 Juni 2024
Malo: Chipinda cha aphunzitsi
Nthawi: Tinaitanirana 9 koloko, tinayamba 10 koloko

Opezekapo
A Festus Kamphinda, wapampando
A Isake Kalumbu, mkulu wa mpingo, woimira makolo
Mayi Margareta Chadza, a gulu la amayi oyang'anira atsikana
A Godwin Chisale, mphunzitsi wamkulu
A Lester Kanyenda, mphunzitsi, mlembi
Mlendo: Mayi Thoko Malunga, ochita kafukufuku, ochokera ku yunivesite

Osabwera
Mayi Peggy Nthala, ali ku maliro ku Msakambewa.
A Timothy Mbendera, apita ku okushoni ndi fodya wawo. Atumiza mawu akuti avomereza chilichonse, bola chisawapatse ntchito.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anapempha a Kalumbu kuti atsegule ndi pemphero. A Kalumbu anapempherera komiti, ana, aphunzitsi, mitengo ya fodya, mvula ya chaka chamawa ndi maiko onse amene ali pa nkhondo. Tiyi amene anabwera wotentha anamwedwa wozizira.

2. Zotsala za msonkhano wapitawo

Mlembi anakumbutsa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi lamulo lomwe anabweretsa a Kalumbu, lakuti mwana wopezeka ndi foni nthawi ya sukulu abwezedwe kunyumba mpaka teremu itatha. Yachiwiri ndi yakuti Mayi Malunga aloledwe kufunsa ana athu mmene masamba a mchezo a pa foni, monga Watsapu ndi Fesibuku, akukhudzira maganizo awo. Popeza kuno mlendo sasiyidwa yekha, komiti inasankha a Kalumbu kuti aziwaperekeza kulikonse. Onse anavomereza kuti zinalembedwa molondola.

3. Zotsatira za kafukufuku

Mayi Malunga anathokoza chifukwa cha malandiridwe, makamaka mbatata zootcha. Anati kafukufuku wawo akuchitika m'sukulu zingapo za ku Dowa ndi Ntchisi, ndipo akufuna kudziwa ngati ana okhalitsa pa foni amakhala ndi mtima wokhazikika kapena ayi. M'sukulu zina zonse mayankho anali osakanikirana, monga mmene anthu alili. Koma pano, pa ulendo woyamba, mwana aliyense anayankha kuti amagona tulo tabwino, sadandaula, sasirira munthu, ndipo foni amangoionera kwa ena.

Wapampando anawomba m'manja, napempha kuti zilembedwe kuti sukulu yathu yakhala nambala wani. Zalembedwa.

Mayi Malunga anapempha kuti tisafulumire. Anati mayankho amenewo sangawagwiritse ntchito. Anafotokoza kuti mwana aliyense akalowa m'chipinda chofunsiramo, ankapeza a Kalumbu atakhala pa mpando pambali pa khomo, chipewa pabondo, Baibulo pamwamba pa chipewacho. Ambiri mwa anawo anabatizidwa a Kalumbu akuona, ndipo ena akadali m'kalasi ya ku tchalitchi yomwe amaphunzitsa ndi iwo omwewo.

A Kalumbu anati iwo sanalankhulepo kanthu. Ankangotsokomola apa ndi apo chifukwa cha chisanu, ndipo mwana akachedwa kuyankha ankamulimbikitsa ndi maso. Anawonjezera kuti kusiya mlendo wamkazi yekha ndi anyamata a Fomu 4 kukanakhala kusowa khalidwe, komanso ntchitoyo anawapatsa ndi komiti yomwe ino. Mlembi anatsimikiza kuti n'zoona, ndipo kuti tonse tinakweza manja, kuphatikizapo dzanja lomwe likulemba mawu ano.

Mayi Malunga anapitiriza kuti tsiku lina a Kalumbu anaitanidwa kukalalikira ku maliro ku Mvera, ndiye iwo anacheza ndi ana a Fomu 4 paokha. Ana omwewo, mafunso omwewo, mpando wopanda munthu. Ena anati amagona mochedwa akuonera zithunzi za anzawo a ku Lilongwe, n'kudzuka akuona ngati moyo wawo ndi gaga. Ena anati ukalakwitsa kanthu m'kalasi, pofika madzulo chafalikira pa gulu la Watsapu, ndipo kuseka kwa pa foni sikuweruka monga kumachitira kuseka kwa pabwalo. Koma enanso anati foniyo ndiyo imawasunga. Alipo amene makolo awo ali ku Joni kapena m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo mawu a mayi awo amawamvera pomwepo basi.

Wapampando anafunsa kuti mwachidule foni ndi yabwino kapena yoipa, popeza komiti ikufuna yankho loti ikalengeze kwa makolo. Mayi Malunga anati kafukufuku sanafike poyankha chotero. Anati ambiri mwa ana amene anawapeza osakondwa ndi okhalitsadi pa foni, koma sizikudziwika ngati foni ndiyo ikuwapweteka mtima, kapena ngati mwana wopwetekeka kale ndiye amathawirako. Anati munthu sangapeze odwala ambiri pa chipatala n'kugamula kuti chipatalacho chitsekedwe. Wapampando anati yankho limeneli ndi la ku yunivesite, ndipo makolo akhoza kubalalika lisanathe kufotokozedwa. Mlembi, amene anadutsako kumeneko, sanatsutse.

A Kalumbu anapempha maina a ana amene anati sagona, kuti akawatchule mmodzimmodzi pa mapemphero a m'kati mwa sabata. Mayi Malunga anakana mwaulemu, koma anakana ndithu. Anati analonjeza anawo kuti zawo sizidzatuluka ndi maina. A Kalumbu anati kuno kulibe chinsinsi pakati pa mwana ndi akulu ake. Mayi Chadza anati n'chifukwa chake ana onse ali bwino.

4. Nkhani ya Alinafe Dzimbiri, wa Fomu 4

Mphunzitsi wamkulu anaika patebulo foni yong'aluka galasi. Anati ndi ya Alinafe, amene anapezeka nayo Lolemba masana pa thanthwe la kuseri kwa sukulu, pokhapo pomwe netiweki imagwira pa phiri lino, belu la masamu litalira kale. Malinga ndi lamulo la pa mfundo 2, mtsikanayu ayenera kubwerera kunyumba. Mayeso a Fomu 4 ayandikira. Akhoza kudzaloledwa kulemba, koma maphunziro onse obwereza amudutsa, ndipo masamu ake ndi oti akasiyidwa okha sangadzukenso. Mphunzitsi wamkulu anati mtima wawo sukufuna, koma lamulo silinafunse mtima wawo.

Zidziwike kuti a Kalumbu ndi atsibweni ake a Alinafe. Mayi ake, a Debora, ndi mlongo wawo, ndipo akugwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Mwanayu amakhala pakhomo pa a Kalumbu.

Wapampando anafunsa ngati a Kalumbu angakonde kutulukako kaye, popeza nkhani ndi ya kwawo. A Kalumbu anati ayi. Anati lamulo analibweretsa ndi iwo, ndipo likadumpha mbumba yawo n'kukaluma ana a eni, Lamulungu sangathe kuima kutsogolo. Anati mwanayu alibe chomudandaulitsa. Amadya, amavala, ndipo tsiku la mafunso anamumva ndi makutu awo akuuza mlendo kuti ali bwino. Apite kunyumba.

Mayi Malunga atafunsidwa ngati akudziwapo kanthu, anati lonjezo lawo lija silinathe.

Alinafe anaitanidwa. Anagwada pafupi ndi khomo, maso pansi. Wapampando anamuuza kuti akhale pa benchi, koma anakhalabe chogwada. Atafunsidwa ngati foni ndi yake, anavomera. Kenaka anafunsidwa chomwe ankachita pa thanthwe. A Kalumbu anatsokomola.

"Iwe Alinafe, pali chimene chikukuvuta? Nena pompano, akulu onse alipo."

"Palibe, atsibweni. Ndili bwino."

A Kalumbu anatembenukira kwa mlembi, napempha kuti zilembedwe. Zalembedwa, kachiwiri.

Mayi Chadza anaimirira asanapatsidwe mpata. Anapereka maganizo akuti abambo onse atuluke akawothere dzuwa. Wapampando anati malamulo a komiti salola kuti wapampando achoke msonkhano uli m'kati.

"Malamulowo atsale nafe muno, a Kamphinda, tiwasamala. Inu tulukani."

Mlembi anafunsa kuti nanga zokambidwa alemba ndani. Anakumbutsidwa kuti nayenso ndi bambo. Mayi Malunga anafunsa Alinafe ngati iwo atsale kapena atuluke. Mtsikanayo anati atsale.

5. Mfundo yopanda zolembedwa

Zomwe zinakambidwa m'chipindamo mlembi sanazimve. Kunja kunalibe dzuwa loti n'kuwothera, kunali mwera wokhawokha. Abambo anayi tinaima kuseri kwa ofesi n'kukambirana za fodya mpaka nkhaniyo inatha. A Kalumbu maso anali pa khomo nthawi yonseyo. Pena anayamba kusendera cha ku zenera, wapampando n'kuwagwira jekete. Mlembi akuona kuti pa mfundo zonse za tsikuli, iyi ndiyo komiti inaigwira bwino.

6. Kupitiriza nkhani ya Alinafe

Titabwerera tinapeza Alinafe atapita m'kalasi. Mayi Chadza anati anena zokhazo zomwe mwana walola.

Choyamba, mabwana a a Debora amawalola kuimba foni masana okha, pa nthawi ya chakudya, ndipo nthawi imeneyo kuno ndi ya masamu. Chachiwiri, kuyambira teremu yatha anzake ena pa gulu la kalasi akhala akutumizirana chithunzi chake atasenza nkhuni, ndi mawu pansi pake akuti ngakhale mayi ake anamuthawa. Mtsikanayu amadziwa kuti akatsegula apwetekeka, koma amatsegulabe, monga mmene munthu amakandira chilonda. Tulo sitibwera. Mawa lake amakwera pa thanthwe kuti amve mayi ake akumutchula dzina, atsimikize kuti sanathawidwe. Mayi Chadza anati zonse ziwirizi zimatulukira m'foni yomweyi ili patebuloyi, ndiye komiti isankhe mbali yomwe ikufuna kulanga.

A Kalumbu analankhula motsitsa mawu, chinthu chomwe komiti ino sinachimvepo chiyambire.

"Komatu mwana ameneyu amandibweretsera madzi osamba m'mawa uliwonse. Ndimamufunsa wadzuka bwanji. Amati wadzuka bwino."

"Mumafuna ayankhe chiyani, a Kalumbu, atagwada ndi beseni m'manja?" anatero Mayi Chadza. Sananene mokalipa.

Mayi Malunga anati vutoli si la a Kalumbu okha, ngakhale a kafukufuku amagwa nalo. Anati mwana amayamba wayang'ana nkhope ya wofunsa, funso amaliyankha pambuyo.

Zomwe zinagwirizanidwa:

(a) Alinafe sabwezedwa kunyumba. Maganizowa anapereka ndi a Kalumbu eni ake, ndipo anapempha kuti lamulo lawo liunikidwenso chifukwa cha ana onse, osati wa mbumba yawo yekha.

(b) Foni izisungidwa ku ofesi nthawi ya maphunziro. Mphunzitsi wamkulu asinthanitse masamu ndi nthawi yopuma, kuti mwana aliyense woyembekezera mawu a kholo lake asasankhe pakati pa kholo ndi masamu.

(c) Mphunzitsi wamkulu ndi Mayi Chadza akumane ndi a Fomu 4 pa nkhani ya chithunzi, popanda kumuimika Alinafe kutsogolo ngati chitsanzo.

(d) Mayi Malunga abwereze mafunso kwa ana onse. Mpando wa pambali pa khomo ubwezedwe ku ofesi.

A Kalumbu anapempha kuti aziperekeza mwana wa mlongo wawoyo ku thanthwe, popeza kumeneko ndi kutchire. Panali kukokanakokana. Mayi Chadza anati kuperekeza n'komwe kwatifikitsa pano. Wapampando anati munthu sangaletsedwe kuyang'anira mbumba yake. Pomaliza zinagwirizanidwa kuti a Kalumbu azifika pa mtengo wa msuku wa m'munsi mwa thanthwe n'kuima pomwepo. Mphunzitsi wamkulu anatsimikizira komiti kuti pa msukupo sipamveka kanthu, chifukwa iwo anayesapo.

7. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa ngati mawu aja akuti nambala wani angachotsedwe. Mlembi anati zolembedwa sizifufutidwa, koma amene adzawerenge mpaka pano adzamvetsa.

A Kalumbu anapempha Mayi Chadza kuti awathandize uthenga umodzi. Anati mlongo wawo akamaimbira iwo, naye amangoti ali bwino, ndipo iwo akhala akukhulupirira. Anapempha kuti Alinafe akauze mayi ake kuti achimwene awo akupereka moni ndipo akufunsa kuti ali bwanji.

"Ndipo akati ali bwino, mwanayo awafunsenso kachiwiri. Ine sindikhalapo."

Mayi Chadza anati uthengawo aufikitsa.

8. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Lachitatu, pa 10 Julaye 2024, malo omwewa, 9 koloko yeniyeni.

9. Kutseka msonkhano

Msonkhano unatha 1 koloko masana. Pemphero lotsekera anapereka Mayi Chadza, ndipo linali lalifupi, chifukwa a Kalumbu anali atanyamuka kale, nthawi ya foni itakwana. Pa zenera tinamuona Alinafe ali pamwamba pa thanthwe, foni yomwe anabwezeredwa ili kukhutu. A Kalumbu anali pa msuku, chipewa m'manja, atalifulatira thanthwelo.

Wapampando: Festus Kamphinda ....................

Mlembi: Lester Kanyenda ....................